Given Waiwala Makolo Ake

Holland
6 Febuluwale 2006

Okondedwa Amayi ndi Atate,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Kabwata. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno si kwamasewera. Ndikamapalasa njinga kupita ku yunivesite makutu amawawa ngati wina akuwapotokola. Kalatayi ndapatsira ba Chilufya, namwino wa kwathu amene akubwera kutchuthi, kuti ifike msanga.

Amayi, mwezi watha munadandaula pa foni kuti anzanu kutchalitchi akafunsa zimene mwana wanu akuphunzira mumasowa choyankha. Lero ndifotokoze.

Pali njira ina yolongedzera nkhani mu kompyuta, dzina lake XML. Zinthu zimasanjidwa ngati fuko la anthu: chilichonse chili ndi kholo lake, ana ake ndi abale ake. Chipatala chikakhala kholo, mawodi ndi ana, mabedi ndi adzukulu. Ndiye pali mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kusunga zimenezi ndi kuyankha mafunso, monga "ndipatse ana onse a uyu" kapena "tchula makolo onse a uyo." Aliyense wopanga pulogalamu amati yakeyo ndiyo yothamanga. Ine ntchito yanga ndi kuwayesa. Sindiyesa zonse pamodzi ayi. Ndimatenga kafunso kamodzi kakang'ono, n'kufunsa pulogalamu iliyonse kakhumi, uku ndikulemba nthawi imene yatenga kuti iyankhe. Kenako ndimakulitsa fayilo kapena kuwonjezera mibadwo, n'kufunsanso. Mwakutero timadziwa penipeni pamene pulogalamu ili ndi mphamvu ndi pamene imatsimphina.

Ndikuyesa mapulogalamu atatu. M'mapepala timangowatcha A, B ndi C, koma ine zilembo zinanditopetsa, ndinawapatsa mayina akwathu: Elvis, Ignatius ndi Given. Awiri oyambawo ndi a makampani. Given anapangidwa ndi a pulofesa anga, zaka zisanu ndi zitatu akumusula, mwakuti pano timamutcha mwana wa a pulofesa. Zotsatira zake ndiyenera kutumiza ku msonkhano wa akatswiri pofika pa 19 Meyi.

Mundiuze za kunyumba. Mapeyala abereka chaka chino? Denga la kukhitchini likudonthabe? Nanga Atate azolowera kukhala panyumba chipumireni ntchito?

Ndine mwana wanu,
Nelly

Holland
27 Febuluwale 2006

Amayi okondedwa,

Moni wa m'chisanu. Ndalemba mwachidule chifukwa nthawi yandithera. Simunayankhe kalata yanga, koma ndikudziwa kuti kuntchito kwanu ku kiliniki mumatanganidwa.

Za atatu aja ndinakuuzani. Elvis ndi wothamanga zedi, koma ndikangomupatsa katundu wolemera amazima, ndiyenera kumudzutsanso. Ignatius ndi wochedwa, moti ndimapita kukaphika tiyi n'kubwerera asanayankhe, koma chiyambire sanandinamizepo. Given, mwana wa a pulofesa uja, ndi amene aliyense pano amamukonda, ndipo ndimakhala naye tsiku lonse. Koma pali chimodzi chikundidetsa nkhawa. Ndikamufunsa za makolo, zimene amayankha sizikugwirizana ndi zimene ndikudziwa ine. Sindinauze munthu aliyense.

Sabata ino ndiyamba nkhani ya ana, ndione amene angapirire.

Mundipempherere. Moni kwa Atate.

Nelly

Kabwata, Lusaka
16 Malichi 2006

Nelly mwana wanga,

Ife tili bwino, Mulungu akutisunga. Iwe sindikufunsa ngati uli bwino, chifukwa ndaona kale kuti suli bwino.

Kalata yako ya pa 27 Febuluwale ndinakaitenga ku positi Lachiwiri la sabata yatha. Ndinaitsegulira mu minibasi, ndipo ndinapitirira Kabwata osadziwa, kondakitala anachita kunditsitsa ku Libala. Ukuti "atatu aja ndinakuuzani." Unandiuza liti? Ine chaka chino sindinalandire kalata ina iliyonse. Atatu, Nelly! Ife tinakutumiza kukaphunzira, manje iwe watsegula ofesi yolembera amuna ntchito?

Pa foni sindingakambe zimenezi, chifukwa atate ako chipumireni ntchito amakhala pambali pa foni ngati mlonda. Sindinawauze kanthu, matenda awo othamanga magazi ukuwadziwa. Ndinakwera basi kupita ku Chelstone kwa amayi ako aakulu, ba Regina. Tinaiwerenga katatu, tinapemphera, kenako tinaiwerenganso. Mvera zimene tagwirizana.

Elvis musiye lero lomwe. Mwamuna wothamanga amene katundu akalemera amangozima adzakusiya pakati pa msewu. Given ndi mwana wa pulofesa, inde, koma munthu amene satchula bwino makolo ake ali ndi chimene akubisa. Ba Regina akuti ameneyo ali ndi mkazi kwawo. Komanso tiuze bwino, pulofesa wachizungu anabereka bwanji mwana dzina lake Given?

Ngati n'kusankha, ine ndikuti Ignatius. Kuchedwa si matenda. Atate ako anatenga zaka ziwiri akundiperekeza kuchokera ku kwaya asananene mawu, ndipo mpaka lero akamamanga nsapato ine ndimakhala nditafika kale pa geti. Koma munthu uja sanandinamizepo.

Tsopano nkhani ya ana imene ukuti uyamba sabata ino. Awe! Ndakukaniza. Ana sayesera munthu kupirira. Ana amabwera titakhala pansi ndi abale a mwamunayo, titadziwa kwawo ndi mpingo wawo.

Ba Regina ndinawapempha kuti asauze munthu. Pa Sabata azimayi atatu andifunsa kale mtundu wa chitenge chimene tidzavale pa kitcheni pate yako, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi.

Uyankhe msanga, mtima wanga suli m'malo.

Amayi ako,
Virginia Daka

Holland
2 Epulo 2006

Amayi anga okondedwa,

Ndawerenga kalata yanu mu ofesi, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Helen, mnzanga amene timakhala tebulo limodzi, anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro.

Amayi, Elvis, Ignatius ndi Given si anthu! Ndi mapulogalamu a kompyuta amene ndikuwayesa liwiro. Makolo ndi ana ndi mmene zinthu zimasanjidwira m'mafayilo athu. Zonse ndinafotokoza m'kalata imene ndinapatsira ba Chilufya. Chonde afufuzeni, mlongo wawo amakhala ku Chunga. Ba Regina muwauze kuti chitenge adikire kaye. Koma malangizo anu ndawasunga, ndidzawafuna tsiku lina.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundisowetsa mtendere, ndipo kalatayi muwapatsenso Atate.

Ndinapanga fayilo ya mibadwo 40, kholo kubereka mwana, mwana kubereka wake, mpaka pansi. Mwana wotsirizayo ali ndi makolo 39, ndinawaika ndekha. Ndikafunsa Elvis amatchula 39. Ignatius, atachedwa, amatchula 39. Given amayankha ngati mphezi, koma amatchula 32 basi, osanena kuti ena wawasiya. Ndiye kuti kuthamanga kwake kwina n'chifukwa choti samaliza ntchito.

A pulofesa amanyadira pulogalamu imeneyi kuposa chilichonse. Ndi iwo anandiitana kuno, ndi iwonso amene amasaina mapepala oti ndikhale m'dziko lino chaka chamawa. Helen akuti, "Ungoyesa mpaka mibadwo 30, ndani adzadziwe? Mafayilo enieni safika kumeneko." Mwina akunena zoona.

Choipa china n'chakuti manambala anga a nthawi sakukhazikika. Funso lomwelo, fayilo yomweyo, lero litenga pang'ono, mawa kuwirikiza katatu. Ndikapita kwa a pulofesa ndi manambala ovina chonchi adzangoti, "Mtsikana iwe, kuyesako ndiye sukudziwa," ndipo zonse zimene ndapeza adzazitaya limodzi.

Kwatsala masabata asanu ndi awiri. Sindikudziwa chochita.

Mwana wanu,
Nelly

Kabwata, Lusaka
19 Epulo 2006

Kwa mwana wanga Nelly,

Ndikupereka moni. Ine ndili bwino, amayi ako ali bwino, denga ndinalikonza. Mapeyala abereka koma ang'onoang'ono.

Kalata yako yoyamba inafika pa 11 Epulo. Mayi Chilufya anayamba apita ku ukwati ku Kasama, kalata ili m'thumba la chikwama. Anabwera nayo okha akupepesa. Amayi ako anandiululira zonse, ndipo Sabata limodzi sanapite kutchalitchi, akuti mutu. Ine ndinapita, ndipo madikoni awiri anandigwira chanza pondiyamikira kuti ndapeza mkamwini. Ndinavomera, chifukwa kufotokoza kukanatenga nthawi ya ulaliki.

Makalata ako onse ndawawerenga mofatsa. Za kompyuta sindidziwa, koma ntchito ukugwirayi ndaizindikira. Ndi imene ndinagwira zaka 27 ku fakitale ya maunyolo ku Heavy Industrial. Ifenso sitinkayesa unyolo wonse. Tinkadula kachidutswa, kukamanga pa makina, n'kukoka mpaka kaduke, ndi kulemba pamene kadukira.

Chaka changa choyamba manambala ankavinanso. Mmisiri wa makina, malemu a Sampa, anandigwiritsa dzanja pa thanki ya mafuta m'mawa, n'kudzandigwiritsanso masana. M'mawa mafuta ali ozizira makina ankaonetsa zina, masana atatentha ankaonetsa zina. Kuyambira pamenepo ndinkalemba mizere iwiri, wozizira ndi wotentha, osasakaniza. Ndiye ndikufunse: pulogalamu yako ikangodzuka kumene ndi ikakhala yayankhapo kale, kodi n'chimodzimodzi? Komanso uonetsetse ngati palibe wina amene akukama ng'ombe yomweyo iwe ukuyeza mkaka. Kwathu akayatsa makina owotcherera kuseri kwa khoma, singano yanga inkanjenjemera.

Tsopano za Given. Mu 1987 tinapanga maunyolo onyamulira katundu amene anayenera kupirira matani asanu ndi limodzi. Ankaduka pa anayi. Njira yatsopano yowotcherera anabwera nayo ndi bwana wamkulu mwiniwake, ndipo kapitawo anandiuza kuti ndikoke pang'ono chabe ndidinde chidindo. Ndinaganiza za munthu amene adzaime pansi pa unyolowo. Koma sindinapite kwa bwana ndi pepala, chifukwa munthu wamkulu amatsutsa pepala. Ndinawapempha kuti abwere adzandithandize, ndinati mwina ine ndikulakwitsa. Ndinawapatsa chogwirira kuti akoke okha. Unyolo unaduka m'manja mwawo.

Sindikunamiza kuti anandithokoza. Anandisamutsira ku sitolo ya zipangizo chaka chathunthu, ndikuwerenga mabawuti, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi ako anavutika. Koma maunyolo aja sanatuluke pa geti, ndipo atafuna munthu woti makasitomala amukhulupirire, anabwera kudzanditenga ku mabawuti komweko.

Mnzako Helen akuti mafayilo enieni safika kumeneko. Wopanga unyolo sadziwa chimene wogula adzapachikepo.

Sindikukulamula. Uli kutali ndipo mapepala ako ali m'manja mwa munthu ameneyo. Ukabwezedwa, chipinda chako chilipo, amayi ako angoikamo makina osokera basi. Koma uyambe wakonza manambala ako, kenako a pulofesawo uwapatse chogwirira.

Atate ako,
N. Daka

Holland
21 Meyi 2006

Atate ndi Amayi,

Moni nonse! Pepala lapita, ndipo ine ndidakali ndi ofesi.

Atate, mafuta aja ndi enieni. Pulogalamu ikangodzuka imayenera kukatenga fayilo kunkhokwe, koma ukaifunsa kachiwiri imakhala itaisunga kale pafupi. Ine ndinkasakaniza zonse. Nditalemba mizere iwiri, manambala anakhala pansi. Ndipo wokama ng'ombe ndinamupezanso: ophunzira awiri a chipinda chapamwamba ankayendetsa ntchito zawo pa kompyuta yaikulu yomweyo imene ndimayeserapo. Ndinawapempha, anandisiyira Lachiwiri ndi Lachinayi.

Pa 9 Meyi ndinagogoda kwa a pulofesa. Ndinati, "Pali chinthu chandisokoneza, mwina ndikulakwitsa. Mungabwere mudzafunse nokha?" Anabwera ndi kapu ya khofi m'manja, akuseka. Ndinawapatsa mpando wanga. Analemba funso okha. Given anayankha 32.

Anati, "Fayilo yako ndi yolakwika."

Ndinati, "Mwina. Tiyeni tiwerenge."

Tinawerenga makolo ndi chala pagalasi, mmodzimmodzi, mpaka 39. Analembanso funsolo mwanjira ina. 32. Ananena mawu ena a m'chilankhulo chawo amene sindingalembe m'kalata yopita kwa makolo, n'kutuluka. Khofi anaisiya pa tebulo langa.

Masiku awiri sanandipatse moni. Helen ankandiyang'ana ngati nkhuku ya alendo. Ine ndinayamba kuganiza za makina osokera a Amayi.

Tsiku lachitatu analowa ndi keke ya maapozi ndi pepala limodzi. Anali atapeza polakwika. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, iwo eni analemba kuti pulogalamu isapitirire makolo 32, akuganiza kuti adzakonza mawa lake, ndipo anaiwala. Anati, "Ndakwiya kwambiri, koma osati ndi iwe. Pali chipatala china chimene chimafuna kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamuyi chaka chamawa." Kenako anadula keke, chidutswa chachikulu n'kupatsa ine.

Atakonza, Given sakuthamanganso ngati kale. Pa mafunso a makolo Elvis akumupitirira, pa mafayilo akuluakulu Given ndiye patsogolo chifukwa Elvis amazimabe. Ignatius akubwera pambuyo monga mwa masiku onse. M'pepala talemba zonse, za kale ndi za tsopano. A pulofesa anaumirira okha kuti cholakwa chawocho chilembedwe.

Amayi, kuno kwayamba kufunda, maluwa ali paliponse. Mundiuze ngati ba Regina anandikhululukira.

Wanu,
Nelly

Kabwata, Lusaka
10 Julayi 2006

Nelly mwana wanga,

Shani kumeneko? Ife tili bwino, kungoti Lusaka yazizira ndipo fumbi layamba.

Envulopu yako yaikulu tinailandira, ndi kakalata konena kuti pepala lako alivomera ndipo alisindikiza mu Ogasiti. Tinathokoza Mulungu. Ba Regina anakukhululukira, chitenge chija asokera makatani.

Koma wandipatsa ntchito, mwana iwe. Kumapeto kwa pepala unalemba kuti ukuthokoza "N. Daka wa ku Lusaka" chifukwa cha malangizo a kayesedwe. Atate ako atangoona pamenepo anavala jekete. Pepala lija lafika kometera tsitsi, lafika ku Woodlands kwa anzawo opuma ntchito, lafika ngakhale ku kiliniki kwathu, kumene anabwera akuti adzayezetse magazi koma magazi osayezetsa. Aliyense amamuonetsa mzere umodzi womwewo.

Zimenezo zinatha sabata imodzi. Kenako anakhala pakhonde ndi rula, pensulo ndi kakyuleta yawo yakale ya ku fakitale. Masiku atatu. Ndikawaitana kudzadya akuti, "Ndili pa tsamba lachisanu ndi chinayi." Dzulo anandiitana, nkhope ili gwa.

Akuti ndikulembere chonchi, ndipo aima pambali panga kuti ndisasinthe. Pa tsamba 9, tebulo lachitatu, mzere wotentha wa Ignatius. Manambala khumi amene walemba pamenepo ukawaphatikiza n'kugawa pakhumi, yankho ndi 421. Iwe walemba 412.

Ine ndinawauza kuti, "Ba Daka, pepala ili lawerengedwa ndi pulofesa ndi akatswiri a ku Ulaya, inu mukufuna kutichititsa manyazi kachiwiri chaka chimodzi?" Iwo akuti akatswiri amawerenga mawu, manambala amangowadumpha. Akuti aphatikiza kasanu.

Ngati alakwitsa, uwauze mofatsa. Ukudziwa mmene alili.

Amayi ako,
Virginia

Holland
24 Julayi 2006

Atate,

Moni. Ndi 421.

Ndinathamanga nayo kalata kwa a pulofesa, tinaphatikiza tonse awiri, kenako tinaitana Helen kuti aphatikizenso. Anthu atatu a pano ndi akatswiri atatu a msonkhano tinapadutsa pamenepo osaona. Takonza kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti lipite kosindikiza.

Kenako a pulofesa anafunsa kuti, "Bambo akowa ali ndi nthawi?" Ndinati muli nayo yambiri.

M'envulopumu muli matebulo khumi ndi anayi a pepala lathu lachiwiri. Akuti musafulumire, koma akuwafuna pofika kumapeto kwa Seputembala.

Amayi, pepani. Chakudya muziwapititsira pakhonde pomwepo.

Mwana wanu,
Nelly